Ng'oma ya Clint Hill, Kamba Wosenza Nyumba

Wambani ng'oma, anyamata. Sonkhezani moto wa mapesi, chikopa chikungike, phula lifewe pakati mpaka chala chizisiya chidindo. Mbalule itsogole, mpanje utsatire, gunda aziyankha pansipansi ngati mtima wa ng'ombe yokoka ngolo. Amayi, manja akhale pafupi, nthungululu zikhale pakhosi. Lero sitiimbira omwetsa zigoli. Amenewo ng'oma zawo zidalira kale, maina awo ali pamsana pa malaya a ana m'misika yonse. Lero ng'oma ndi ya wotseka kumbuyo, munthu amene akagwira bwino ntchito yake palibe chochitika, ukonde sugwedezeka, ndipo opita kwawo amaiwala kuti analipo. Ine sindinaiwale. Imbani, ndimutchule.

Inu a Clinton Scott Hill! Mwana wa ku Merseyside, wobadwa pa 19 Okutobala 1978 kufupi ndi Liverpool, kumene mtsinje wa Mersey umathira m'nyanja. Mtsekakhomo. Mpanda wa minga wosaolokera mbuzi. Mwendo wamanzere wosapempha chilolezo. Chipumi chokumana ndi zigongono. Tsanya wosalowa chiswe. Kamba wosenza nyumba yake kumsana, wofika pamudzi wa eni n'kuyamba wagwira tsache. Matimu asanu ndi atatu adakuvekani jezi, zaka zoposa 20 mudadya matope, ndipo jezi ya dziko la England simudaivale ngakhale tsiku limodzi. Nanga ng'oma ikhale chete chifukwa cha chimenecho? Ayi, ilire ndithu!

Woolokera tsidya! Ana a ku Liverpool amalota Anfield, ena amalota Goodison Park, koma inu njira yanu idaoloka mtsinje kupita ku Birkenhead, pabwalo la Prenton Park, kwa Tranmere Rovers, timu yokhala mumthunzi wa abale ake awiri olemera. Kumeneko ndiko mudaphunzira kuti mpira wouluka uli ndi mwini wake, ndipo mwini wake ndi amene wayamba kudumpha. Mphunzitsi anali John Aldridge, womwetsa zigoli wakale wa Liverpool. Pambali panu panali Dave Challinor, amene ankaponya mpira ndi manja kuchokera kumzere n'kukagwera pakhomo pa golo ngati kona. Dzinali lisungeni, oimba ng'oma, tidzakumana nalonso madzulo.

Tsitsani mbalule pang'ono, apa pali misozi. Pa 27 Febuluwale 2000, Tranmere, timu ya ligi yachiwiri, idalowa m'bwalo la Wembley lakale lija la nsanja ziwiri kukalimbirana chikho cha League Cup ndi Leicester City ya Martin O'Neill. Inu muli ndi zaka 21, magazi akuwira, kutsogolo kwanu kuli Emile Heskey, chimphona cha chifuwa ngati chitseko. Mudalandira kadi yachikasu, kenaka ina, ndiye yofiira njo! m'mwamba. Mnyamata adatuluka yekha, anzake khumi atsala m'moto. David Kelly adabweza chigoli, ochemerera a Tranmere adaimirira onse, koma Matt Elliott, amene adamwetsa choyamba ndi mutu, adadumphanso n'kumwetsa chachiwiri. Leicester 2, Tranmere 1. Wotseka kumbuyo akatulutsidwa, timu yake n'kugonja ndi chigoli cha mutu, safuna munthu womuuza pamene akadaima. Amadziwa yekha, ndipo amagona nazo. Wonyamula manyazi a pa Wembley osathawa nawo kutchire! Ambiri pa msinkhu umenewo akadafota. Inu posakhalitsa mudapezeka mukumanganso zingwe za nsapato.

Fupa lothyoka n'kulumikizanso! Mu 2002 kamba adasenza nyumba, ulendo wa ku Oldham Athletic, pa Boundary Park, bwalo la pamtunda lodziwika ndi mphepo yolasa m'mafupa. Simudakhalitse mwendo udathyoka, mu Disembala chaka chomwecho, pa masewero olimbana ndi Crystal Palace. Tamvani zimenezo, Crystal Palace yomweyo imene mtsogolo idzakutchani mwana wa pakhomo. Amene adaonapo mwendo uli m'chikhakha amadziwa: ukauvula umatuluka woonda ngati wa mwana, khungu lotuwa, phazi loopa pansi. Munthu wamkulu amaphunziranso kuponda, chidendene kaye, zala pambuyo. Ndiye taganizani munthu amene nsima yake ili m'mwendo womwewo.

Wodzuka pamphasa ya odwala! Mu 2003 Tony Pulis adakuitanirani ku Stoke City, mzinda wa oumba mbiya ndi mbale zadothi. Pulis sankafuna zokongoletsa, ankafuna amuna otseka pakhomo, ndipo mwa inu adapeza mphini wolingana ndi khasu lake. Kuvulala kudakutsatirani ngati galu wa pakhomo, lero bondo, mawa kakolo, koma mukakhala m'bwalo ochemerera ankapuma bwino. Nanga mphotho yake? Mudachoka kumapeto kwa 2007, poyamba pangongole, ndipo mu Meyi 2008 Stoke idakwera kulowa mu Premier League inu mulibe. Mudalima nawo, mudapalira nawo, tsiku lokolola lidakupezani kumudzi wina. Zoterezi zimapweteka, ndipo sindibisa.

Gunda ayankhe, tafika ku London! Mwana wa Neil Warnock! Pali aphunzitsi amene akasamuka amanyamula anthu awo monga mayi anyamula mthiko ndi chipande, ndipo Warnock, mkulu wa pakamwa posatopa, atakuonani sadafune kukusiyaninso. Ku Selhurst Park, kwa Crystal Palace, kum'mwera kwa London, mudaima kumanzere kwa mpanda. Chaka choyamba mudafika pakhomo penipeni pa Premier League, Bristol City n'kukutsekerani mu ndime ya mapulei-ofu. Kenaka njala idalowa m'nyumba. Mu Januwale 2010 Palace idamira m'ngongole, akuluakulu a ligi adailanda mapointi 10, timu imene inkayang'ana kumwamba idapezeka ikuyang'ana kudzenje. Warnock adachoka mu Malichi kupita ku Queens Park Rangers. Inu mudatsala.

Wotsala m'nyumba yodontha! Pa 2 Meyi 2010, tsiku lotsiriza, bwalo la Hillsborough ku Sheffield lidadzaza thothotho. Nkhani inali yachidule: Sheffield Wednesday ikapambana, Palace yatsika, akalepherana, Wednesday ndiyo yatsika. Alan Lee adamwetsa, eni mudzi adabweza. Darren Ambrose adamwetsa, eni mudzi adabwezanso kutatsala pang'ono. Mphindi zotsalazo mpira unkangogwa pakhomo panu ngati matalala, inu mutu, mnzanu phazi, wina chifuwa, mpaka wenzulo idalira pa 2 kwa 2. Palace idapulumuka. Ochemerera a eni mudzi adakhamukira m'bwalo ali ndi mkwiyo, ndipo ena adakuzingani n'kukumenyani musanafike kuchipinda chovalira. Khamu kumenya munthu mmodzi amene wangogwira ntchito yake ndi chinthu chonyansa, kaya ndi ku Sheffield kaya ndi kwina kulikonse. Koma taonani: timu imene idakuthyolerani mwendo mu 2002 ndiyo mudaikhetsera thukuta mpaka kulandirira zibakera. Wosasunga mangawa! Nthungululu, amayi!

Tsopano ng'oma zonse pamodzi, chifukwa apa ndi pachimake. Loftus Road, kwa Queens Park Rangers, kumadzulo kwa London, bwalo laling'ono lothinana, ochemerera ali pafupi moti wosewera amamva ngakhale kutsokomola kwawo. Warnock adakuitanani mu 2010, ndipo mudapita. Adel Taarabt ankavina ndi mpira kutsogolo, nyuzi zonse zinkalemba za iye, ndipo ankayeneradi. Koma wovina amavina chifukwa wina wasesa bwalo. Paddy Kenny pagolo, Shaun Derry pakati, inu kumanzere. Mu 2011 Queens Park Rangers idatenga ligi ya Championship. Msesabwalo! Mzati wosaoneka pa chithunzi cha nyumba! Pa zaka 32, msinkhu umene ena amayamba kufunsa za ntchito ina, Premier League idakutsegulirani chitseko.

Ndipo pachitseko pomwepo padaima Bolton Wanderers. Katatu konse dzina limeneli lidzalira m'ng'oma iyi, muwerenge bwino. Koyamba: Ogasiti 2011, masewero otsegulira ligi, pakhomo panu. Bolton idakuthirani zigoli 4 kwa 0, ndipo kumapeto inu mudaona kadi yofiira. Tsiku loyamba mu ligi imene mudaidikira moyo wonse, mtima udathamanga kuposa mutu, ndipo pamenepo mudalakwa, a Hill. Ng'oma yotamanda siyenera kunama. Timu idagula osewera atsopano a maina olemera, inu adakutumizani pangongole ku Nottingham Forest. Anthu adati basi, nkhalamba yatha. Koma mpanda utayamba kugwa adakumbukira tsanya amene adamutaya kuseri, ndipo adakubwezani. Warnock adachotsedwa mu Januwale 2012, padabwera Mark Hughes, nayenso atayesa uyu ndi uyo adapeza kuti pakati pa mpanda payenera inu.

Kachiwiri. Mbalule yokha, ena nonse chete. Pa 10 Malichi 2012, kwawo kwa Bolton, pa Reebok Stadium, matimu onse awiri akuthawa nkhwangwa, chigoli chisanalowe mbali iliyonse. Kona idabwera. Inu mudachoka kumbuyo, mudadumpha, chipumi chidakumana ndi mpira, thi! Mpira udaoloka mzere woyera, wonse wathunthu, udzu ukuoneka pakati pa mzere ndi mpira. Goloboyi Adam Bogdan adautapa ndi dzanja uli kale m'kati n'kuuponyera kunja. Mudatembenuka manja m'mwamba. Wenzulo ziii. Mbendera ya wothandizira oyimbira sidagwedezeke. Makamera adaona, dziko lonse lidaona pa kanema, koma anthu okhawo amene mawu awo anali lamulo sadaone. Tsiku limenelo mudagonja 2 kwa 1.

Wobedwa chigoli dzuwa likuswa mtengo! Womwetsa zigoli akabedwa chimodzi amati mawa ndipeza china. Wotseka kumbuyo wa zaka 33, amene sanamwetsepo mu Premier League, chigoli chimenecho chinali ngati mwana wa muukalamba. Ine mpaka lero ndimachiwerenga. M'mabuku mulibe, koma m'ng'oma iyi chilimo, ndipo woimba mpanje achimenyere kamodzi mwamphamvu. Mu Julaye chaka chomwecho opanga malamulo a mpira adavomereza makina oona ngati mpira waoloka mzere, ndipo Premier League idayamba kuwagwiritsa ntchito mu 2013. Milandu yotere inalipo yambiri, wa Frank Lampard pa World Cup ya 2010 ndiwo wotchuka, koma wanu unali umodzi mwa yotsiriza makinawo asanafike. Lero wotchi ikanjenjemera pamkono pa oyimbira, wina amalandira chimene inu mudamanidwa.

Kachitatu. Apa ngakhale ife tili mboni, ife amene tidathinana pa mabenchi m'nyumba zoonetsera mpira, jenereta ikulira kuseri, thukuta la mnzako likugwera paphewa pako. Pa 13 Meyi 2012, Etihad Stadium. Manchester City ikufuna ligi imene idaisowa zaka 44, Manchester United ikudikira ku Sunderland. Aliyense amakumbukira Sergio Agüero, malaya m'manja, akuthamanga ngati wogwidwa ndi mizimu. Koma ndani amafunsa kuti chidachedwetsa chikondwerero chija mpaka mphindi zoonjezera n'chiyani? Pablo Zabaleta adamwetsa, Djibril Cissé adabweza, Joey Barton adatulutsidwa, anthu khumi adatsala, Jamie Mackie n'kumwetsanso ndi mutu. Kuyambira pamenepo City idakhala pakhomo panu osachoka. Kona pambuyo pa kona, mpira wapansi, mpira wam'mwamba, ndipo pakati pa mpanda umenewo padaima inu ndi Anton Ferdinand, kuchotsa, kuchotsa, kuchotsanso. Timu ya ndalama zosawerengeka idafika mphindi ya 90 ili m'mbuyo ndi 2 kwa 1, ochemerera ake ena akulira. Edin Džeko adaboola, Agüero adatsiriza. Mpanda udagwa, inde, koma udagwa mphindi 90 zitatha.

Ndiye mverani mmene mlandu udathera. Ola lomwelo Bolton inali ku Stoke, kwanu kwakale, ikufuna kupambana kuti ipulumuke. Idalepherana 2 kwa 2. Bolton idatsika ndi mapointi 36, Queens Park Rangers idatsala ndi 37. Pointi imodzi! Amene adapindula ndi chigoli chanu chobedwa ndiwo adapita, ndipo amene adawatsekera njira ndi a pamudzi umene mudausiya bwino. Akulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Inu ku Stoke mudasiya phazi. Ndipo chaka chimene chidayamba ndi kadi yofiira ndi kutumizidwa kwa eni, ochemerera adachitseka pokusankhani wosewera wawo wopambana.

Mkulu wa pabwalo! Chaka chotsatira ndalama zidamwazidwa, maina akuluakulu adadzaza chipinda chovalira, koma mitima sidali pamodzi. Harry Redknapp atabwera adayang'anayang'ana woti amveke chikopa cha ukaputeni pamkono, ndipo adachipereka kwa inu. Timu idatsika mu 2013. Ena adanyamula zikwama tsiku lomwelo. Wosathawa maliro a pamudzi! Inu mudatsika nayo.

Ndipo mudabwerera ku Wembley. Bwalo latsopano, nsanja ziwiri zija adagwetsa, pamwamba pali uta wachitsulo. Pa 24 Meyi 2014, zaka 14 chichokereni tsiku la manyazi lija, mudatsogolera anzanu kulowa m'bwalo pamaso pa anthu oposa 80,000, kulimbana ndi Derby County ya Steve McClaren, wopambana akwere. Derby inali yachinyamata, yothamanga, ndipo idasewera bwino kuposa inu, zimenezo n'zoona. Kadi yofiira idatulukanso, koma ulendo uno sinali yanu, inali ya Gary O'Neil. Anthu khumi kachiwiri! Posakhalitsa mudatuluka kupereka malo kwa miyendo yatsopano, kaputeni wosakakamira bwalo, ndipo mudaima kumzere mtima uli m'mwamba. Mphindi ya 90, mpira udapulumuka kwa wotseka kumbuyo wa Derby, Bobby Zamora adaupinda ndi mwendo wamanzere, ukonde gwedegwede! Mnyamata amene adatuluka pa Wembley atazolika mu 2000 adakwera masitepe mu 2014 kukanyamula chikho. Apa musaimbe mwaulemu, anyamata, ng'ambani chikopa, tidzakunga china!

Wobwezeredwa mochedwa! Mu Epulo 2015, pa Villa Park, masewero a zigoli 3 kwa 3 ndi Aston Villa, chipumi chija chidakumananso ndi mpira, ndipo ulendo uno chigoli chidalembedwa. Choyamba mu Premier League, pa zaka 36. Timu idatsikanso chaka chimenecho, inu mudakhalabe mpaka 2016, zaka zisanu ndi chimodzi pa Loftus Road.

Nkhalamba yoolokera ku Scotland! Anthu ankayesa kuti mupachika nsapato, koma Mark Warburton adakuitanirani ku Rangers ya ku Glasgow, pa Ibrox, timu imene inali itangobwerera mu ligi yaikulu itayambiranso pansi chifukwa cha ngongole. Ambiri adaseka: munthu wa zaka 37 akatani kumeneko? Celtic ya Brendan Rodgers chaka chimenecho sidagonje ndi timu iliyonse ya ku Scotland, ndipo mu Seputembala 2016 idathira Rangers 5 kwa 1. Pa 12 Malichi 2017 mudapita ku Celtic Park, bwalo lobiriwira la anthu pafupifupi 60,000, Warburton atachoka kale. Stuart Armstrong adamwetsa, eni mudzi adayamba kuimba za chipambano. Kutatsala mphindi zowerengeka, goloboyi Craig Gordon adabweza mpira, ndipo amene adafika msanga kuposa anyamata onse anali wa imvi za zaka 38. Adaukankhira m'kati. 1 kwa 1. Ngodya ya ochemerera a Rangers, ovala zabuluu ngati thambo, idaphulika, bwalo lonse lotsala kakasi. Mkhalakale wodziwa pogwera mpira! Miyendo inali itachepa liwiro, koma maso anali atawerenga mipira ya zaka 20.

Kamba adasenzanso nyumba komaliza, kutsika pang'ono kuoloka malire kubwerera ku England, ku Carlisle United, pa Brunton Park, mu ligi yachinayi. Munthu amene adaima pamaso pa Agüero adakaima pamaso pa anyamata osadziwika, m'mabwalo a anthu zikwi zochepa, mvula ikuwomba cham'mbali, ndipo adadumpha chimodzimodzi. Apa ndi pamene ine ndimakuvulirani chipewa koposa. Kusewera bwino pamene dziko lonse likuyang'ana n'kosavuta kumvetsa. Kumanga bandeji pa kakolo wotupa, kuvala zotchinga msongolo, kutuluka kukazizidwa Lachiwiri usiku pa zaka 39 popanda kamera yokutsata, kumeneko ndiko kukonda ntchito. Mu 2018 mudapachika nsapato.

Wosachoka pabwalo! Mudakhala wothandizira mphunzitsi ku Fleetwood Town pambali pa Joey Barton, kenaka ku Bristol Rovers. Ndipo dzina lija ndidati mulisunge, oimba ng'oma, litulutseni: Dave Challinor, woponya mpira wa ku Prenton Park. Anyamata awiri a mpanda wa Tranmere adagwiranso ntchito limodzi atakula, wina mphunzitsi wina womuthandiza, ku Stockport County, ndipo timuyo idakwera kubwerera mu Football League mu 2022, n'kutenganso League Two mu 2024.

Bwerezani maina, tiwamange mtolo umodzi. Tranmere, Woolokera tsidya. Oldham, Fupa lolumikizanso. Stoke, Wolima osakolola. Palace, Wotsala m'nyumba yodontha. Queens Park Rangers, Msesabwalo, Wobedwa chigoli, Mkulu wonyamula chikho. Forest, Mlendo wa masiku owerengeka. Rangers, Nkhalamba yotontholetsa Celtic Park. Carlisle, Wodumpha popanda womuona. A Hill, Mtsekakhomo, Tsanya, Kamba wosenza nyumba, landirani ng'oma yanu.

Ndipo inu amene mwamvera, chigoli cha Agüero adzachionetsanso, chifukwa chaka sichitha osachionetsa. Tsiku limenelo musathamangire ndi maso amene wavula malaya. Yang'anani kumbuyo kwake, pakati pa anthu khumi otopa aja, mumupeze Clint Hill, ndipo mumutchule dzina kuti mwana amene wakhala pambali panu alimve.